Chikanda cha apongozi anga

Ndinakwatiwa ku Chifubu, ku Ndola, ndisakudziwa kuphika chikanda, ndipo sindinkaona ngati ndi mlandu. Kwathu ku Chimwemwe, ku Kitwe, amayi anatiphunzitsa zakwawo ku Katete: kufutsa masamba, kutendera chibwabwa, kusefa chidulo cha therere. Chikanda tinkachigula pamsika monga timagulira sopo. Atate anagwira ntchito mumgodi zaka zambiri pakati pa Abemba, koma mpaka kupuma kwawo ankanena kuti chakudya chooneka ngati nyama pomwe si nyama n'cha anthu abodza.

Mwamuna wanga ndi Mbemba. Nthawi imeneyo ankayendetsa lole ya fakitale ina ku Ndola, ndipo tinkakhala m'nyumba ya malemu atate ake, atatu: iye, ine ndi amayi ake. Chikanda cha apongozi angawo chinkadziwika dera lonse. Kukakhala ukwati, maliro kapena phwando la kutchalitchi, azimayi ankabwera kudzawapempha. Chinali chofiirira, cholimba bwino, ndipo ukachicheka mpeni unkatuluka woyera. Ana awo aakazi onse anawaphunzitsa asanakwatiwe. Ine ndekha m'banjamo ndiye sindinkadziwa, ndipo alamu anga sankalola kuti ndiiwale.

"Imwe ba kum'mawa mudziba chabe kukumba mbeba," ankatero. Ndinkaseka nawo poti ndi chimbuya, kunyozana kwa nthabwala pakati pa Abemba ndi a kum'mawa, koma za anyani amene iwo amadya ndinkayankhira mumtima.

Tsiku lina ndinagwada pakhomo la khitchini n'kuwapempha apongozi kuti andiphunzitse. Anavomera msanga, akumwetulira, n'kunditcha mayo monga amachitira Abemba polemekeza mpongozi. Kufulumira kumeneko sikunandisangalatse. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Ntchito anandipatsadi. Ndinkatsuka timizu ta chikanda mpaka dothi lonse litachoka, ndinkasinja, ndinkayanika palichero, ndinkasinjanso. Nsinjiro ndinkasefa ine, mbaula ndinkakoleza ine. Koma phala la nsinjiro likangoyamba kuwira, nthawi yothira ufa wa chikanda itakwana, ulendo unkabadwa. Ulendo woyamba anati mchere watha. Wachiwiri tsabola. Wachitatu anandituma ndi chitenje kwa telala wa kusiteshoni ya minibasi, amene amakusungira tsiku lonse ndi nkhani zake. Pobwera ndinkapeza poto wavundikiridwa kale, makala ali ngwee pachivundikiro, iwo ali phee pampando ndi kolona m'manja ngati munthu amene sanasunthe chichokereni ine.

Ulendo wachinayi ananenanso kuti mchere watha. M'mawa womwewo ndinali nditaona paketi yosatsegula m'kabati. Ndinapitabe kumsika, koma njira yonse ndinkalankhula ndekha ngati wamisala.

Ndinayesapo ndekha tsiku lina iwo atapita kuchipatala. Chinatuluka phala lakuda lowawa soda, ndipo ndinakalikwirira kudzala ngati ndapha nkhuku ya eni. Madzulo ndinaimbira foni amayi ku Kitwe. M'malo mondizizira mtima, anathira mafuta pamoto.

"Uchenjere, mwana wanga. Ena amaikamo vinthu. Mwamuna mkulu uja osachoka panyumba ya amake, uganiza ni chikanda chabe?"

Zaka ziwiri zinali zitatha ndilibe pathupi, ndipo munthu akakhala choncho chilichonse chimamulankhula. Ndikunena mosabisa, ndinalowa kuchipinda kwa apongozi iwo kulibe, n'kufunyulula sutukesi yawo. Ndinapeza kansanza komanga mfundo. Nditamasula ndinapezamo ufa woyera, ndinanyambita, anali soda wamba wa kugolosale. Ndinamanganso mfundoyo manyazi atandigwira, koma kukayika sikunachoke. Ndinangoti gogo uyu ndi wochenjera kuposa mmene ndinkaganizira.

Kenaka ndinayamba kuona za mayi wa kuseri kwathu, wamasiye, mnzawo wa apongozi. Pampanda wa nkhadze wolekanitsa nyumba zathu panali mpata wongokwana munthu mmodzi, ndipo dothi lake linali loponderezeka ngati njira ya kumpopi. Masiku ophika chikanda, mayiyo ankakhala ndi madontho ofiirira pachitenje. Anali ndi mwana wamkazi wogwira ntchito muofesi m'tauni, wosakwatiwa, amene ankapatsa moni mwamuna wanga motalikitsa. Ndinalumikiza zonse. Ndinati apongozi akundithamangitsira ine kumsika kuti aphunzitse a nyumba iyo, akukonzera mwana wawo mkazi wina wobereka, wa mtundu wawo. Ndinkawapatsa madzi osamba nditagwada, mumtima ndikuwatukwana.

Loweruka lina kutchalitchi kunali kukonzekera ubatizo wa mawa lake, ndipo apongozi anapemphedwa kuphika poto wamkulu. Phala litayamba kutumphuka, anandiyang'ana.

"Mayo, tsabola wa pano Chifubu ulibe mphamvu. Kwela minibasi uyende kumsika wa ku Masala. Ukabwele masana, na ma fifitini awazi, osathamanga."

Ndinavala nsapato, ndinatuluka pageti, ndinamenyetsa chitseko kuti amve. Nditafika pakona ndinazungulira njira ya kumbuyo n'kudzalowa m'bafa lathu la panja, la malata, lomwe lili ndi kabowo koyang'ana kukhitchini. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinakhala pandowa yovundikira, dzuwa likuotcha malata, thukuta lili kamukamu.

Apongozi anadikira pang'ono, kenaka anapita pampata uja n'kukhosomola kawiri. Palibe anayankha. Anaitana motsitsa mawu, anaitananso mokweza. Anasuzumira, ndipo ine ndili m'bafamo ndinaona chomwe iwo anaona: pachitseko cha mayi uja panali loko. Tinamva pambuyo pake kuti anaitanidwa mwadzidzidzi kumaliro ku Luanshya.

Anabwerera pambaula. Anathira ufa wa chikanda ndi dzanja lamanzere, n'kutenga mthiko ndi lamanja. Anatakasa kawiri, mthiko unapulumuka n'kugwa pansi. Anautola, anaupukuta, anaugwira ndi lamanzere, napana poto wotenthayo ndi mapazi atakulunga chiguduli. Chikanda chikayamba kulimba chimafuna mapewa, sichimva chisoni. Poto anapendekeka. Dzanja lamanja linangolendewera pambali likunjenjemera, ndipo iwo analimenya pabondo n'kulilankhula m'Chibemba mawu amene sindingalembe pano. Kenaka anayamba kulira mosatulutsa mawu.

Zaka ziwiri m'nyumba imodzi, ine wofunyulula masutukesi, sindinaone kuti munthuyu amalandira kapu ndi manja awiri osati chifukwa cha ulemu, komanso kuti anasiya kuchapa zolemera.

Ndinatuluka m'bafa. Atandiona sanadzidzimuke kwenikweni. Anangopukuta m'maso ndi mkono, nkhope n'kuuma.

"Wabwela kunisonda?"

"Ee, bamayo."

"Waona manje. Gwila mthiko, chizapsa."

Panalibe nthawi yokambirana. Anandiuza kuti ndizitakasa kuchokera pansi, ndizikankhira m'mbali mwa poto, ndisaime ngakhale mkono utalira. Soda anausungunula m'kapu n'kumathira pang'onopang'ono, maso ali pamtundu wa chikanda osati pakapu. Chinasintha ndikuona, kuchoka kotuwa kupita kofiirira, n'kuyamba kukana mthiko. Phewa linkandiotcha ngati ndasenza thumba la makala kuchokera kumsika. Anandikalipira katatu kuti ndikutakasa ngati ndikuphikira khanda. Kenaka anandiuza kuti ndinyowetse kuseri kwa dzanja ndikhudze pamwamba. Sichinamate. Tinasalaza, tinavundikira, ndinaika makala amoto pachivundikiro, n'kukhala pansi tonse awiri tikupuma ngati tamenyana.

Apo ndi pomwe anandiuza. Dzanjalo linafooka m'mawa wina, miyezi ingapo ukwati wathu usanachitike. Kuchipatala anati ndi kuthamanga kwa magazi, anawapatsa mapiritsi. Mwana wawo, mwamuna wangayo, sanamuuze. Mnzawo wa kuseri ndiye ankalowa pampata kudzawatakasira, iwo akuthira soda.

"Nanga munalekelanji kuniuza ine? Nili pano, manja nili nayo."



"Iwe? Kuchokela tsiku unalowa muno, maso yako yali pa poto yanga. Ninati uyu akadziba chikanda, ine nizankala wa chani? Uja mayo wa pakona, pamene anadwala, mpongozi wake anamukwezeka basi ya ku Mansa na chola chimodzi. Anafela kumudzi kwamene anachokako ali mtsikana. Ine bana banga bonse ninabalila muno."

Zinandipweteka kwambiri. Ndinafuna kulumbira kuti maganizo otero sanandifikepo, koma likanakhala bodza, chifukwa masiku ena ndikusesa ndinkayang'anadi chipinda chawo n'kumaganiza mmene chingakhalire atachokamo. Ndinangoti sindidzauza munthu. Sanandithokoze. Anati aona.

Ndinafunsanso za mwana wa mayi wa kuseri uja, poti nkhaniyo inali itandidya miyezi yambiri. Anaseka mpaka kukhosomola, nati ameneyo ngakhale madzi a tiyi amapsereza.

Tinakhala choncho zaka zinayi. Ine ndinkatakasa kuseri kwa khitchini mwamuna wanga ali pamsewu, iwo ankacheka n'kunyamula m'beseni kupita nacho kutchalitchi, ine ndikutsatira pambuyo ndi mbale. Azimayi ankawayamikira kuti dzanja lawo silikalamba, alamu anga ankapitiriza za mbeba, ine ndinkameza malovu. Mwana wathu woyamba anabadwa m'zaka zomwezo, ndipo ndinatakasapo poto wina ndili naye kumbuyo. Sindinganame kuti tinasanduka mayi ndi mwana wake. Ankandiyang'anabe ndi diso la m'mbali ndikamalankhula ndi mwamuna wanga motsitsa mawu, ndipo ine mpaka lero sindidziwa ngati anandikonda kapena ankangofuna mapewa anga. Koma soda anandilola kuthira ndekha chaka chachiwiri, ndipo sanandikalipirenso.

Anamwalira m'nyumba mwawo, pabedi pawo, nyengo ya mvula.

Patapita miyezi itatu ndinaona chikanda chabwino pamsika, chouma bwino, ndipo manja anangogula okha. Ndinaphika masana. Mwamuna wanga atabwera kuntchito ndinacheka zidutswa zinayi n'kumuikira pambale. Anaseka kaye, nati tione zimene a ku Katete atiphikira. Analuma kamodzi. Anatafuna pang'onopang'ono, kuseka kuja kukuzimirira. Anatembenuza chidutswacho, anayang'ana m'mbali mwake, anayang'ana ine. Anayang'ananso mikono yanga ngati akuiona koyamba.

"Si lelo wayamba ichi," anatero.

"Iyayi."

"Kuchokela liti?"

"Zaka folo."

"Nanga bamayo?"

Ndinamuuza kuti dzanja lawo linafa kale tisanakwatirane, ndiponso kuti ankaopa kukwezedwa basi.

"Na ine?" anafunsa. "Banali kuyopa ine?"

Anaika chidutswacho pambale, anatuluka panja osavala nsapato, n'kukaima pambaula yozima nthawi yaitali atandifulatira.