Msomali m'malo mwa fuzivelu

Bateriya ya alamu anga ndinaiwotcha ndine. Ndikulemba pano chifukwa pakamwa pakukanika, ndipo zikundinyansa.

Ndinaona pa telefoni thabwa lokhala ndi phiko kunsi, kainjini kamagetsi kakulikankha mpaka kunyamuka pamwamba pa madzi. Ndinati nanenso ndipanga langa, ndikaliyese padamu kwathu ku Lifidzi. Mnzanga wokonza mawailesi ku Kalomwe anati, "Iwe, yamba waphunzira kaye kuti waya uyu amapirira moto wochuluka bwanji." Ndinamutukwana. Shikola ndinaisiya dala, ndiye andibwezereko iyeyo?

Kainjini ndinagula kakale. Bateriya ndinatenga mobisa ya alamu, ya pampu yothirira kachewere, iwo atapita kumaliro. Nditangolumikiza, fuzivelu, kawaya koteteza kamene kamaduka moto ukachuluka, inapsa. Ndinaika ina, nayonso inapsa. Mtima unandiwira, ndinatola msomali n'kuukhomera pamalo pa fuzivelupo.

Mawaya anafiira, utsi tolotolo, bateriya n'kutupa ngati mkate. Pozula msomali uja ndinapsa chala. Thabwalo silinalawe n'komwe madzi.

Ndinakaibwezera mwakachetechete. Eni ake atabwera anandifunsa, "Alamu, chachitika n'chiyani apa?"

"Makoswe adya mawaya!" ndinakalipa. "Ndakhala ndikukuuzani za makoswe m'nyumba muno, simumva!"

Anapepesa. Munthu wamkulu, wa ana ake, kupepesa ine wakuba! Chimenecho ndiye chikundidya kuposa utsi uja.

Tsopano kachewere wayamba kufota. Dzulo mlongo wanga, mkazi wawo, anandiponyera ndowa, maso ali pa chala changa chopsa.

"Tiye kudimba," anatero. "Khoswe nayenso azithirira."