Mmene Maondo a Ambrose Sitima Analekera Kugundana

Ambrose Sitima anabadwa pa 14 Malichi 1946 ku Ulongwe, ndipo moyo wake wonse palibe chimene ankachita bwino kuposa kusita kabudula. Mayeso ankakhoza ndithu, poti polemba palibe amene amakuyang'ana kumaso. Pa 2 Okutobala 1972 anamutumiza ku Chikweo, m'boma la Kasupe limene lero timati Machinga, kukakhala mlangizi wa thonje. Anamupatsa njinga ndi pampu yopopera mankhwala, namuuza kuti ayamba amuyesa kaye: akalephera kuphunzitsa alimi, abwerera kwawo kukagwira khasu.

Msonkhano wake woyamba unali Lolemba pa 13 Novembala, pansi pa mtengo wa mango. Anthu anabwera ambiri, amuna mbali ino, akazi mbali inayo. Ataimirira anangoona maso okhaokha. Maondo anayamba kugundana, lilime linauma, thukuta linatsikira m'masokosi. Anati "amayi ndi abambo" kangapo, kenaka anatembenukira pampu ija n'kuyamba kuifotokozera za mbozi.

"Achimwene, tili kuno ife," anatero Che Bakari, mlimi wachikulire amene anakhala kutsogolo. "Chitsulocho sichimva Chichewa, Chiyao chomwe sichimva."

Anthu anaseka mpaka kugwirana mapewa.

Wina akanayamba kuyendera alimi m'minda mwawo kuti awazolowere. Ambrose anafuna njira yachidule. Anaona kuti alimi ambiri kumeneko ndi Asilamu, ndipo Lachisanu masana amakhala kumzikiti. Basi misonkhano yake yonse anaiika Lachisanu masana. Ankafika pa mango paja, n'kupeza mbuzi zikubzikula, n'kubwerera akuimba mluzu.

"Kodi abambo, anthu akapanda kubwera inu mumakondwera chiyani?" anafunsa mkazi wake, Dalesi.

"Za boma simungazimve inu. Ndiikireni madzi kubafa."

Lachisanu pa 19 Januwale 1973, bwana wake, a Mailosi, anangotulukira pa njinga yamoto osatumiza mawu.

"Alimi ali kuti, Sitima?"

Mzikiti unali pafupi, mapemphero ankamveka bwinobwino. Koma Ambrose anavula chipewa n'kunena kuti, "Bwana, anthu akuno ndi osamva. Akuti chitukuko cha boma alibe nacho ntchito."

"Ndibweranso Lachisanu pa 2 Febuluwale. Ndikadzapezanso mbuzi, udzabweza njinga."

Masiku amenewo mawu ngati awa sankathera pamene anenedwa. Anafika kwa tcheyamani wa chipani wa deralo. Tsikulo litakwana, anyamata a chipani anaima ndi ndodo panjira ya kumzikiti, nakusa anthu onse ali m'mikanjo yawo yoyera, atasamba kale kuti akapemphere. Anawakhazika pansi pa mango, akuwafunsa makhadi a chipani mmodzimmodzi ndi kufunsanso kuti amene wanyoza boma ndani.

Inakwana nthawi yoti Ambrose ayankhule. Anaimirira maondo atayamba kale ntchito yawo. Atayang'ana gululo, sanaone diso ngakhale limodzi. Onse anali ataweramitsa mitu. Che Bakari ankayang'ana zala zakumapazi.

Maondo anangoti zii. Mate anabwerera m'kamwa. Anakuwa kuti "Kwacha!" ndipo anthu anayankha nkhope zili pansi. Anakuwanso, poti zinamukomera. Kenaka anayankhula, munthu uja, mpaka dzuwa kupendeka: za ulesi, za kusayamika, za anthu amene amadya zabwino za boma n'kumalinyoza kumbali. Za mbozi anangozikhudza. Anathira ufa wa mankhwala m'ndowa, natakasa, napopera mzere umodzi wa thonje m'munda wapafupi monyadira ngati akuvina beni. Palibe amene anadzutsa mutu kuti aone kuchuluka kwa ufawo kapena madzi ake. Amene akanadzutsa mutu akanakumana ndi maso a anyamata a ndodo aja.

"Pali funso?"

Mitu inaweramabe. Ambrose analoza kutsogolo.

"A Bakari, lero mwamva?"

"Tamva, bwana."

A Mailosi anamugwira chanza, nati sanaonepo mlangizi wachinyamata wogwira gulu chotero. Pa 1 Epulo ntchito yake inakhazikika. Kuyambira pamenepo sanaitanenso msonkhano popanda kudzera kaye kwa tcheyamani, ndipo sananjenjemerenso. Anayamba kuyenda ndi kandodo kolozera, mimba n'kutuluka.

Thonje la chaka chimenecho linali lomvetsa chisoni. Ena anachulutsa mankhwala masamba n'kupserera, ena anachepetsa mbozi n'kudya mpaka kukhuta. Kukafunsa kwa mlangizi palibe amene anayerekeza. Ambrose anauza mabwana ake kuti ndi ulesi, ndipo anamukhulupirira, poti ankanena mosadodoma.

Pa 3 Julayi 1978 anamukweza n'kumutumiza ku Balaka, kumene ankaphunzitsa alangizi atsopano kayankhulidwe ka pagulu. "Chachikulu, anyamata, ndi kulimba mtima," ankatero akugunda pachifuwa. "Ine mantha sindiwadziwa." Anamwalira pa 9 Juni 1991 adakali pantchito.

Ku Chikweo, ambiri mwa alimi aja thonje analisiya chitangotha chaka cha 1973 chija. Anabzala chinangwa, chimene sichifuna mlangizi.