Ng'ombe ya chipepeso

Marjory NyaShaba amagulitsa tomato pa Jenda, benchi lake loyandikana ndi langa. Kale anali mayi waphokoso. Minibasi ikangoima, iye amakhala atafika kale pawindo, ife tikufunafuna patapata. Lero kasitomala amachita kumugwedeza paphewa.

Anakwatiwa kumudzi wina kufupi ndi Manyamula. Mwamuna wake anapita ku Joni mwana wawo wamkazi Providence akukwawa, ndipo mpaka pano amangomveka pafoni. Kuno malowolo akaperekedwa ana ndi akuchimuna, choncho wolamula pakhomo ndi alamu ake, a Kingstone.

Providence ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, anagwiriridwa ndi Bestone, wakabaza wa m'mudzi momwemo amene ankamukweza popita kusukulu. Marjory sanadikire bwalo la akuluakulu. Anathamangira naye kuchipatala, kenaka kupolisi. Khoti la ku boma linagamula kuti Bestone akakhale kundende zaka khumi ndi zinayi, ndipo tsiku limenelo Marjory anatigulira mandasi mzere wonse.

Posakhalitsa abale a Bestone anabwera ndi ng'ombe yaikazi, ati chipepeso, kuti mabanja azimwerana madzi. A Kingstone analandira. Ndimakwiya nawo, komabe sanachite mwankhanza. Kwa iwo kubweza ng'ombe yoti yafika pakhola n'kutukwana mudzi wonse, komanso ankati zakukhoti zinatha kale. Marjory anaipeza ikubzikula m'khola. Atakana, anamuuza kuti mtengwa salankhula za khola.

Zoti kuli apilo, panalibe ankadziwa. Loya wa Bestone anakauza khoti lalikulu kuti banja linakhululuka, ndipo umboni wake unali ng'ombe ija. Mlandu sunafafanizidwe, koma zaka zinadulidwa, zinatsala zisanu ndi chimodzi. Kuchotsaponso zimene amachotsera akaidi osunga mwambo, Bestone akutuluka chaka chino mvula isanagwe. M'mudzimo mjigo ndi umodzi, njira yakusukulu ndi imodzinso.

Palibe khomo limene Marjory sanagogode. Ku boma anamuuza kuti iye ndi mboni chabe, sangachite apilo payekha. Anamanga ng'ombe ija chingwe n'kuikokera kwa eni ake, iwo anaikusiranso kukhola la a Kingstone, ati chipepeso sichibwerera. Anapempha kuti mwana akakhale kwa agogo ake akuchikazi, a Kingstone anakana, ati angawaseke kuti alephera kulera mwana wa m'bale wawo. Wa ku Joni uja anangoti amvere akulu, foni n'kuduka.

Ng'ombeyo yabereka kawiri tsopano. Ana onse apakhomo amamwa mkaka wake. Providence ndiye amatumidwa kuuwiritsa, koma iye amamwa tiyi wosathira.

Dzulo tikulongedza madengu, Marjory anandifunsa ngati kwathu ku Dedza kuli sekondale yapafupi. Ndinati ilipo. Anafunsanso ngati amayi anga ndi munthu waukali. Ndinaseka, koma nditaona nkhope yake mtima wanga unasweka. Providence ndi mwana wake yekhayo, amene anamumenyera nkhondo ndi mudzi wonse.

"Ndapota, asisi, mutengeni," anatero, atandigwira dzanja. "Akandifunsa, mbwenu ndinena kuti wathawa. Ndipo musandiuze dzina la mudzi wanuwo, angandikakamize ndiulule."