Mbale Yomwe Tabeth Anabisa

"Amayi, mbale ya a Esitele ija bwanji mwaibisa kuseri kwa mtsuko?"

Anafunsa choncho ndi Madalo, mwana wa Tabeth wa zaka zisanu.

Inu amene mtima wanu walema, imvani kaye mmene zinalili. Tabeth anachoka ku Phalombe ndi mwamuna wake kudzagwira utenanti pa esiteti ina ya fodya ku Mchinji. Mwamunayo anamwalira fodya ali m'zigafa, ndipo nyengo itatha Tabeth anauzidwa kuti nyumbayo ikufunika tenanti wina. Kwawo kunalibe munda woti abwererekonso. Anakathera m'mudzi wina m'dera la mfumu Zulu, m'kanyumba kosiyidwa.

Amene anamulandira anali a Esitele, mayi wa nyumba yoyandikana nayo. Anamubwereka kamunda ka m'mphepete mwa dambo, ndipo mvula ili pafupi anamutumizira mbale yodzaza ndi mtedza wambewu.

Apa ndi pamene panagona nkhani. Tabeth analeredwa kuti mbale ya mnzako sibwerera yopanda kanthu. Umaikamo kaya ndi tomato, kaya ndi kaufa. Iye analibe ndi mchere womwe. Anati adikire mpaka atapeza kanthu. Mtedza anadzala, unamera, mbale idakali m'nyumba. Manyazi anakula mpaka anayamba kuwazemba a Esitele. Kumjigo ankapita iwo atachokako. Kutchalitchi ku Guilleme ankakhala kumbuyo, n'kutuluka nyimbo yomaliza isanathe.

Koma anthu saona manyazi a munthu, amangoona msana wake. A Enoki, mlongo wawo wa a Esitele, amene ankayang'anira minda ya banjalo, anayamba kulankhula poyera: "Wosayamikayu akolole chaka chino basi. Mundawo ndipatsa wina."

Mawuwo anamufika Tabeth. Popanda mundawo, iye ndi mwana wake analibe kolowera.

Lamulungu lotsatira, nthawi ya chopereka, anaona bambo wina wokalamba akupita kutsogolo pamzere ndi anzake. M'manja analibe chilichonse. Atafika, anawerama, anawomba m'manja pang'onopang'ono, n'kubwerera pamalo pake nkhope ili yowala. Tabeth anaganiza mozama. Ngati Mulungu amalandira manja opanda kanthu, nanga a Esitele?

Masana omwewo anatsuka mbale ija.

"Odi kuno!"

"Eee, amake Madalo! Lero dzuwa latulukira ku Zambia? Fikani."

Tabeth anagwada. "Amayi, mbale yanu iyi. Mulibe kanthu. Ndinkadikira choikamo koma sindinachipeze. Zikomo wanga ndabwera naye pakamwa. Munandisunga ngati mwana wanu."

A Esitele anaseka mpaka misozi.

"Ndiye nthawi yonseyi mumandithawa chifukwa cha mbale? Ine ndimayesa mtedzawo unali wofumbwa, mwandikwiyira! Dzukani apo, mudetsa chitenje."

Tabeth anapuma ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. A Enoki atamva anangoti, "Akanatero kale," koma za chaka chamawa sananene kanthu.

Tabeth sanadikire mawu awo. M'mawa ankagwira ganyu m'minda ya eni, madzulo n'kumapalira mwake. Atakolola anayamba kukazinga mtedza n'kumagulitsa pa Kamwendo, kwa madalaivala a mathiraki opita kuboda. Masiku ena ankabwerako wosagulitsa, koma m'mawa mwake ankapitanso. Nyengo yachiwiri anaonjezera soya. Lero ali ndi mbuzi, denga lake silidonthanso, ndipo Madalo ali pasukulu.

Abale anga, osadikira kulemera kuti muthokoze. Amene anakuthandizani sakudikira mphatso, akudikira nkhope yanu. Ngakhale m'manja muli mbee, pitani. Osataya mtima.

Chaka chino, akukumba mtedza limodzi ndi Tabeth, a Esitele anakhala pansi kuti apumitse miyendo yawo yomwe yayamba kutupa.

"Ndalankhula nawo a Enoki," anatero. "Mundawu limani mpaka Madalo atamaliza sukulu. Palibe adzakusuntheni."

Tabeth anaika khasu pansi. "Nanunso amayi, miyendoyo ikadzakana, khasu lanu ndidzagwira ndine. Munda wanu sudzagona."

"Mwalonjezatu, amake Madalo."

"Ndalonjeza."