A Livesi ndi Dalaivala wa M'buku Lofiira

A Livesi anayendetsa galimoto za mabwana zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo pa zaka zonsezo sanaimikepo galimoto itayang'ana kukhoma. Ankalowa chambuyo paliponse. "Galimoto imaima mphuno kunja," ankatero, "kuti bwana akatuluka atakwiya, iwe ungoliza basi, osayamba kupotokola khosi." Dzina lawolo linachokera pamenepo, pa livesi, giya yobwerera m'mbuyo.

Atapuma pa ntchito, khalidwelo silinapume nawo. Nsapato zawo zinkagona zitaloza kuchitseko. Wilibala ankailowetsa m'shedi chambuyo. Ngakhale ketulo, akaipeza mlomo wake utaloza kukhoma, ankaitembenuza mwakachetechete, mkazi wawo akuyang'ana.

Kuwerenga sikunali kwawo. Moyo wawo wonse anadikira mabwana panja pa maofesi, akuwerenga zikwangwani ndi nyuzipepala ya dzulo. Buku lenileni analigwira tsitsi litayera kale, tsiku limene mkazi wawo anawatuma kukatenga makatani kwa Mai Simbi, mayi wochapa ndi kusita zovala pakona pa msewu wawo.

Mai Simbi anali ndi shelefu ya mabuku pamwamba pa tebulo lositirapo, ambiri mwa iwo oiwalidwa ndi makasitomala. Ankabwereketsa ulere, koma panali lamulo limodzi: pobweza, ulembe maganizo ako pa masamba oyera a kumapeto kwa bukulo. Tsikulo makatani anali asanaume, choncho anawapatsa a Livesi mpando ndi buku la chikuto chofiira kuti asamangoyang'ana anthu.

Linali la wofufuza milandu, osati wapolisi ayi, koma wolembedwa ntchito ndi munthu wamba, bambo wa chipewa amene m'buku monsemo sanadyepo kanthu, ankangosuta fodya n'kumayang'ana pazenera. Bwana wina wolemera anapezeka atafa mu ofesi ya fakitale yake. Galimoto ya kunyumba kwake inaoneka kufakitaleko pa nthawi ya imfayo. Anaiyendetsa ndani? A Livesi anafika kunyumba ndi buku, makatani ataiwala.

Anawerenga masiku anayi. Ankadya ndi dzanja limodzi. Mkazi wawo akawayankhula ankangoti, "Dikirani, amayi, akutsegula kabati." Tsiku lachinayi masana, wofufuza uja anasonkhanitsa anthu onse pabalaza, n'kuloza chala dalaivala wa malemuyo, munthu wofatsa amene anagwira ntchito pakhomopo zaka makumi awiri. Apolisi anamutenga nsanza yopukutira galimoto ili m'manja.

A Livesi anatseka buku, n'kulitsegulanso pa tsamba 58. Pamenepo panalembedwa poyera kuti m'mawa mwake galimoto ija inapezeka m'galaja, mphuno yake itatsala pang'ono kugunda khoma.

"Amayi, amanga munthu wosalakwa."

"Ndani? Kuti?" Mkazi wawo anali atayamba kale kufunafuna mpango.

"Dalaivala. Zaka makumi awiri pa ntchito, n'kuimika galimoto mphuno kukhoma? Ngakhale atapha anthu khumi, akanalowa chambuyo. Manja amachita okha zimenezi."

Mayiwo anabwezera mpango pa msomali. "Abambo, makatani anga ali kuti?"

Chimene chinawawawa kwambiri a Livesi chinali masamba a kumapeto aja. Anthu khumi ndi anayi anali atalembapo, ndipo onse anali osangalala. Wina anati buku lokoma zedi, linamupserezetsa mphika. Wina anati mtima unkagunda ngati akuthamangitsidwa ndi galu. Koma pansi penipeni panali zilembo zopendekeka zimene a Livesi ankazidziwa bwino: "Dalaivala ameneyu ine ndinamuona kale pa tsamba loyamba. Anthu osayankhula ndi oopsa." Anali alamu awo, mchimwene wa mkazi wawo, wometa tsitsi kuseri kwa msika.

Anawapeza akumeta mphunzitsi wina wopuma pa ntchito, amenenso anawerengapo bukulo.

"Alamu, mwalemba zabodza. Mufufute."

"Ndifufute chiyani? Munthu anavomera yekha!"

"Anavomera pati? Anangoti, 'Chabwino, bwana.' Dalaivala aliyense amatero. Ine ndanena 'chabwino, bwana' zaka makumi atatu, ngakhale tsiku limene bwana anandiuza kuti ndine amene ndabweretsa mvula."

"Ndiye mwina inunso tikufufuzeni," anatero alamuwo, akupukuta makina ometera. "Mlongo wanga amagona ndi diso limodzi, ndamva."

A Livesi sanaseke. Anakoka mipando iwiri ya makasitomala, n'kuiika ngati zipupa za galaja. Anakhala pa mpando wachitatu, wamatayala, dzanja lamanzere pa mpando wongoganizira wa bwana, khosi chambuyo, n'kulowa pakati pa mipando ija akudzikankha ndi zidendene. Analowa bwino kwambiri, mpata wofanana uku ndi uku. Munthu wina amene ankadikira kumetedwa anaomba m'manja.

Mphunzitsi uja, mutu utametedwa theka, anayankhula modekha ngati akuphunzitsa. "Achimwene, mtima m'malo. Iyi ndi nkhani yopeka. Dalaivala ameneyo kulibe."

"Ngati kulibe, amene ali kundendeyo ndi ndani?"

Mphunzitsi anangouza wometa kuti apitirize.

A Livesi anayenda ndi bukulo kwa onse amene analembamo. Anthu ankamvetsera, n'kuvomera kuti tsamba 58 lilidi ndi mawu, koma wofufuta panalibe. Ankati wolemba ndiye mwini mlandu. Mwezi unatha, wachiwiri unayamba, buku lili pansi pa pilo. Kulibweza sankafuna, chifukwa anali atazindikira chinthu choopsa: pamene buku latsekedwa, dalaivala amapuma, koma munthu watsopano akangoliwerenga, amamumanganso. Anali atamangidwa kale kakhumi ndi kasanu, kamodzi ndi iwo omwe.

Kenako Mai Simbi anatumiza mawu kudzera mwa mkazi wawo. Namwino wa pachipatala chaching'ono cha mumsewumo wakhala akudikira buku lofiira milungu isanu, ndipo wayamba kufunsa ndi mawu a jekeseni. Loweruka lifike.

Lachisanu m'mawa a Livesi anakhala pakhonde n'kuwerenganso kumapeto pang'onopang'ono, kufuna poima. Anapapeza pansi pa tsamba 201. Pamenepo wofufuza anali atangoitana anthu kuti abwere pabalaza, ndipo dalaivala anali akadali panja, akutsuka galimoto, akuimba kanyimbo ka mluzu. Palibe amene anali atamuloza chala.

Anatenga guluu womatira machubu a njinga. Anapaka tsamba 202, n'kulimata ku 203, n'kupitiriza chotero mpaka kumapeto, pamodzi ndi maganizo a anthu khumi ndi anayi aja, alamu awo omwe. Anasiya tsamba limodzi loyera. Pamenepo analemba ndi zilembo zazikulu za munthu wozolowera kudzaza buku la maulendo: "Buku labwino. Koma wolemba sadziwa galimoto."

Loweruka analiika pa tebulo la Mai Simbi, maso ali kudenga. Bukulo linali litatupa kumbuyo ngati lalumidwa ndi njuchi, ndipo fungo la guluu linadzaza shopu yonse. Mai Simbi analinyamula, n'kuyesa kutsegula kumapeto ndi chikhadabo. Sikunatheke. Anatembenukira kwa a Livesi.

"Mwamata moipa, bambo."

Anayala kansalu pamwamba pa buku, n'kuikapo simbi yotentha, n'kutsindira ndi manja onse awiri.

"Ine sindinalembemo," anatero ali chotsindira, mawu ali pansi. "Koma mkazi wa malemu uja anachapitsa diresi limodzi kawiri pa sabata imodzi. Tsamba 71 ndi tsamba 90. Munthu sachita zimenezo chifukwa cha fumbi."

Buku linatuluka pansi pa simbi lili fulati, kumapeto kwake kuli gwa ngati thabwa.

Namwino anabweza patatha masiku atatu, maso ali ofiira. Analemba kuti sanaonepo buku lolemekeza wowerenga chonchi, losakutafunira chilichonse, ndipo wakupha ndi dokotala wa banjalo, chifukwa anafika msanga kwambiri. Kalaliki wina anati ndi mlembi wa kufakitale. Telala anati ndi mwana wa malemuyo, thalauza lake likunena zonse. Tsamba loyera lija litadzaza, Mai Simbi anasokererapo mapepala ena ndi ulusi wakuda. Tsopano buku lofiira lili ndi mzere wa anthu olidikira, ndipo pa shopupo pamabuka mikangano yoti makasitomala ena amaiwala chimene anabwerera. Amangidwa kale anthu asanu ndi awiri, kuphatikizapo wofufuza mwiniwakeyo. Dalaivala sanatchulidwepo. Ambiri sakumbukira n'komwe kuti m'bukumo muli dalaivala, ndipo a Livesi akuti ndi mmene ziyenera kukhalira pa ntchito imeneyi.

Alamu awo okha ndi amene amayendabe n'kumauza anthu kuti iwo anawerenga kumapeto kwenikweni, koma anthu amangoti ometa tsitsi ndi choncho, sasowa nkhani.

Chimene chimawavutabe a Livesi n'choti dalaivala uja akutsukabe galimoto. Nthawi yozizira amamuganizira manja. Tsiku lina anazinena ali pa tebulo, ndipo mkazi wawo anaika sipuni pansi.

"Bola kutsuka kusiyana ndi ndende. Koma tandiuzani, abambo, poti mwamutulutsa mnzanuyo, bwana uja anamupha ndani?"

A Livesi anapukuta pakamwa.

"Zimenezo ndi za mabwana, amayi. Ife timadikira panja."