Chaka Chimene Ndinamana Mwana Wanga Mkaka

Mwana wanga wachitatu, wamwamuna, anafika zaka zinayi asanatchule liwu ndi limodzi lomwe. Kuyenda anayenda mochedwa, ndipo ukamuitana ankayang'ana kumbali. Izo tinali titazizolowera. Chimene chinkandisowetsa mtendere chinali m'mimba mwake. Akangodya phala la m'mawa, pasanapite nthawi ankayamba kudzipinda, kulira, n'kumamenyetsa mutu pachitseko, kenako kutsegula m'mimba. Ine ndinkasiya khasu m'munda katatu kapena kanayi dzuwa lisanafike paliwombo.

Tinkakhala pamunda wa apongozi anga pafupi ndi Kasisi, patangopita zaka zochepa chichitikire chilala chija tinadya chimanga chachikasu. Ng'ombe zitatu zinapulumuka chilalacho, ndipo apongozi anga aakazi ankazinyadira kwambiri. Mkaka woyamba kukama unkapita m'phala la mdzukulu wawo wodwalayu. Ankati ndi umene udzamulimbitse miyendo ndi kumumasula lilime.

Tsiku lina titatuluka m'tchalitchi, mayi wina anandiuza kuti ku Lusaka amatenga magazi a mwana, makina n'kunena chakudya chimene chikumudwalitsa. Sabata yonseyo mutu wanga sunagwire china. Lachisanu ndinabereka mwanayo, ngakhale anali wolemera, ulendo ku kachipatala komwe kunali sisitere wina wachikulire amene ankaona ana.

"Ba Sista, nifuna mumupime magazi," ndinatero ndisanakhale n'komwe pansi. "Namvela ati kuli makina yamene yauza chakudya choipa."

Iwo anandifunsa zonse zimene mwanayo amadya kuyambira m'mawa. Nditatchula mkaka anandiimitsa.

"Amai, magazi siyazatiuza vamene mufuna. Kupima uku muzachita mweka kunyumba. Muchose chinthu chimozi chabe, mkaka, masabata yabili. Olo mu tiyi, osaika. Muziona mwamene ankhalila. Yakasila masabata, mumupase futi. Akadwala, ninshi taziba."

"Nanga azayamba kukamba?"

"Mimba na lilime ni vinthu vosiyana," anatero. "Ine nikamba za mimba."

Mawuwo ndinawamva ndi makutu okha. Mumtima ndinali nditagamula kale kuti tikapeza chakudya choipacho, mwana wanga adzandiitana kuti amama.

Kunyumba nkhani inavuta. Apongozi anga anaomba m'manja nati, "Muzukulu wanga adye phala ya manzi monga tilibe ng'ombe?" Bambo a mwanayo anayankha mofatsa kuti, "Amama, ni masabata yabili chabe, tiyeseko." Apongozi anangonyamula chidebe n'kupita kukhola.

Masiku anayi oyamba mwanayo analira pang'ono. Ine sindinakhulupirire. Ndinkangobwerera kunyumba kudzamuona ngakhale palibe amene wandiitana, n'kumupeza atakhala pansi pa mtengo wa mango akusanja timiyala. Tsiku lachisanu kunabweranso kulira kuja, mutu pachitseko, kabudula n'kuipitsidwa. Ndinakhala pakhonde manja ali lende, ndikuti kupima kwalephera.

Apongozi anabwera n'kukhala pambali panga. Anayang'ana mwanayo akudzipinda.

"Amake mwana, nine," anatero. "Nenze namupasa mkaka wosasa mu kapu, kuseli kwa khola. Anali kuniyangana maningi."

Sindinawakalipire, mphamvu yake ndinalibe. Tinayambanso kuwerenga masabata awiri, ndipo ulendo uno apongozi eni ake ndi amene ankathamangitsa aliyense woyandikira mwanayo ndi kapu. Masabata atatha ndinamuthirira mkaka pang'ono m'phala monga sisitere uja anandiuzira. Dzuwa lisanakwere kwenikweni anayamba kulira. Tinadziwa, ndipo mkaka unathera pomwepo.

Ndikanayenera kukhutira. Mwana anasiya kumenyetsa mutu, ankadya bwino, ine ndinkalima mpaka masana. Koma mwezi unatha pakamwa pake pali zii. Ndinayamba kuganiza kuti ngati mkaka unamanga mimba, pali china chimene chamanga lilime. Sindinafunse munthu. Ndinachotsa nsinjiro m'phala ndi m'ndiwo zake, n'kudikira masabata awiri ndikumuyang'ana pakamwa. Palibe. M'malo mobwezera nsinjirozo, ndinachotsanso mazira. Kenako kapenta, kenako nyemba. Ndinkaopa kubwezera chilichonse, poganiza kuti mwina ndi chomwecho ndipo chikungochedwa kutuluka m'thupi. Anzake akamadya, iye ndinkamutengera kuseri ndi kambale ka masamba owiritsa. Ndikamapalira, m'mutu munkangoyenda mayina a zakudya zimene zatsala.

Bambo ake anandifunsa kamodzi kuti, "Nanga mwana aoneka monga ayonda?" Ndinawayankha kuti akutalika.

Tsiku la sikelo litafika, sisitere uja anamukweza mwanayo, nayang'ana pa khadi, namukwezanso kachiwiri. Anamugwira tsitsi, lomwe linali litayamba kufiira ndi kupyapyala. Anandilowetsa m'kachipinda, kutali ndi amayi ena.

"Amai, uyu mwana akudya chani?"

Ndinatchula. Mndandanda wake unali waufupi moti ndinachita manyazi ndisanamalize.

"Ninakuuzani chinthu chimozi," anatero, mawu atakwera. "Chimozi! Ivi vinangu vinamuchita chani?"

"Palibe, ba Sista. Nenze kufuna chabe akambe."

Apo ndinalira, kulira kumene sindinalire chibadwire mwanayo. Iwo anandileka mpaka nditatopa. Kenako anandiuza mosabisa kuti kuchedwa kwa mwana wanga sikunachokere m'mbale, ndipo palibe chakudya chimene ndingachotse kuti kuthe. Anati mkaka wokha ukhale kunja, zina zonse zibwerere lero lomwe, makamaka kapenta wosinja pamodzi ndi minga yake, kuti mafupa apeze zimene akanapeza mumkaka. Anandionetsanso kuti ndizimuyankhula ndikumuonetsa chinthucho m'manja, liwu limodzi limodzi, osamukakamiza kubwereza.

Thupi linabwerera m'miyezi iwiri, tsitsi linada. Ine mtima sunakhazikike msanga. Nthawi zina ndinkaima ndi supuni ya nsinjiro pamwamba pa mphika, ndikulimbana ndi maganizo akale aja, kenako n'kuthira.

Liwu loyamba linabwera ali ndi zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri. Ndinali kuchapa pachitsime, iye anagwira m'mphepete mwa beseni nati, "Manzi." Ndinasiya zovala momwemo, kuthamangira kumunda kukaitana bambo ake. Tinabwera tonse wefuwefu, tikumuonetsa madzi m'kapu, m'chidebe, m'manja. Iye anangotiyang'ana, n'kubwerera kukasewera. Anadzalitchulanso patapita masabata atatu.