Mlosi wa m'Makope a Amuna Anga

Amuna anga anali skauti woteteza nyama za m'tchire. Tinakwatirana kwathu kumtunda, koma ntchito inawaponya kuchigwa, ndiye ndinatsika nawo mwana ali kumsana, chaka chija chilala chinapsereza chimanga chisanamasule. Anatipatsa nyumba pa kampu yaing'ono m'malire a paki, kupitirira Kakumbi. Panali nyumba zisanu ndi imodzi za malata, mjigo umodzi, ndi kanyumba kosungiramo mfuti. Azimayi anzanga ambiri ankalankhula Chikunda. Ndinkamvako pang'ono, zotsalazo ndinkangomwetulira.

Amuna anga ankalowa m'tchire masiku khumi, nthawi zina kuposerapo, wapansi, kumasula misampha ya waya ndi kulondola mapazi a anthu opha nyama mozemba, amene tinkawatchula kuti mapocha. Ankabwera mapazi atang'ambika, khosi litatupa ndi akashembe. Anzawo akapuma ankapita ku mowa. Amuna anga sankamwa. Iwo ankajambula.

Zinayamba ndi buku la zithunzi long'ambika limene mlendo wina anataya pa loji. Munthu wochapa zovala kumeneko anawapatsa. Linalibe chikuto, linalibenso mapeto. Analiwerenga pang'onopang'ono masiku awiri, kenako n'kunena kuti nkhani yake inali yopanda mchere, iwo akhoza kupanga yoposa pamenepo. Atapita ku Mfuwe anabwerako ndi kope la ana asukulu ndi mabolopeni awiri, wabuluu ndi wofiira.

Nkhani yawo inali ya kutsogolo kwambiri, dziko lino litauma. Anthu a m'chigwa anagwidwa ukapolo ndi mafumu ovala zitsulo, n'kutengedwa kukakumba miyala pa nyenyezi ina yopanda mtengo ngakhale mtsinje. Pakati pa akapolowo panadzuka munthu wa diso limodzi loyera ngati mwezi. Ankapinda chitsulo ndi manja, ankayenda kunja kwa chombo m'mlengalenga mopanda mpweya, zipolopolo zinkangomugwa pachifuwa ngati nthanga. Koma mphamvu yake yaikulu inali yoona za mawa. Anasonkhanitsa anthu asanu, anaba chombo cha mafumu aja, n'kuyamba kuwatsogolera pomenyera ufulu wa anzawo. Dzina analibe. Pa kampu tinkangomuti mlosi uja.

Chimene chinkandikwiyitsa n'chakuti mlosiyo ankaona tsoka likubwera koma sankatha kulibweza. Tsiku lina ndinafunsa kuti nanga mlosi wotere ali ndi ntchito yanji. Amuna anga anayankha kuti ali ngati munthu wolengeza zanyengo pa wailesi, amakuuza kuti mvula sibwera, koma mvulayo alibe m'thumba.

Omenyera ufulu asanu aja anali ndi nkhope za maskauti a pa kampu pathu. Aliyense ankadzizindikira. Masana, dzuwa likafika poti munthu sungagwire khasu, ankakhala pansi pa msikidzi n'kumapatsirana kope, kukangana kuti chombo chikhotere kuti, ndani wachita mantha, ndani wajambulidwa mimba yaikulu. Makope anafika asanu ndi awiri. Ndinkawasunga m'bokosi la chitsulo pamodzi ndi zovala zakutchalitchi, kuopa chiswe.

Mnzawo wapamtima wa amuna anga anali Mkunda wa konko, wamtali, wa mpata m'mano ndi chipsera pachipumi. Mkazi wake ndi amene anandilandira nditangofika. Anandiphunzitsa kupereka moni m'Chikunda, anandionetsa pothyola ndiwo zam'tchire, ndipo njovu zikalowa m'kamunda kathu ka mapira tinkamenya zitini limodzi mpaka mikono kulema. Mchere ukandithera ndinkapita kwa iye osachita manyazi.

Wamtali uja anali ndi dandaulo limodzi. M'nkhanimo iye ankangosenza mabokosi a zida, anzake akumenya nkhondo. Tsiku lina ndikuchapa pafupi ndi msikidzi uja, ndinamumva ndi makutu angawa akunena kuti, “Achimwene, ine mwandisandutsa bulu m'buku mwanumu. Ngati mulibe ntchito ina yondipatsa, ndipheni, koma ndife ngati mwamuna.”

Onse anaseka. Amuna anga anakana, amvekere imfa siseweretsa. Koma iye anaumirira milungu ingapo, pomwa tiyi, potsuka mfuti, paliponse, mpaka amuna anga anagonja.

Anajambula masamba anayi. Mlosi akumuuza wamtaliyo kuti mawa udzaima pakhomo la chombo koma sudzalowa. Mawa lakelo adani akuwathamangitsa, iye akugwira chitseko ndi msana kuti anzake akwere, kenako chilombo chachitsulo chikumubaya m'nthiti. Amuna anga anali asanaonepo makina ankhondo, choncho makina a adani ankawapatsa maonekedwe a nyama zimene ankazidziwa. Chilombocho anachipatsa nyanga za njati. Magazi anawajambula ndi bolopeni wofiira uja.

Mwiniwake anasangalala ngati wakwezedwa pa ntchito. Anabwereka kopelo, anakaonetsa mkazi wake, anakaonetsa abale ake kumudzi, analitengera ngakhale ku mowa. Linabwera litathimbirira, likununkha utsi.

Patapita milungu itatu analowa m'tchire anthu anayi. Tsiku lachisanu m'mawa, akudutsa m'zitsamba zowirira pafupi ndi dambo, njati inatulukira. Inali ndi waya wa msampha mwendo wakutsogolo, bala litawola, ndipo njati yotere siyang'ana kuti wayitchera ndani. Wamtali ndiye anali patsogolo. Amuna anga anali pambuyo pake. Anawombera kawiri, njati inagwa, koma inali itamubaya kale m'nthiti n'kumuponya pamtengo. Anamunyamula pa machira a mitengo tsiku lonse kupita pamene galimoto ikanafika. Anamwalira asanafikepo.

Amuna anga anafika pakhomo malaya atauma gwa ndi magazi a mnzawo. Sanalole kuti ndiwachape. Anachapa okha, kuseri kwa nyumba.

Pamaliro, mkazi wa malemu ankalira m'Chikunda. Zambiri sindinamve, koma mawu amodzi ankabwerezabwereza, ndipo amenewo ndinawamva bwinobwino: anamulemba, anamulemba. Azimayi amene ndinakhala nawo pamphasa anayamba kusuntha mmodzimmodzi. Pofika nthawi yopita kumanda ndinali ndekha ndi mwana wanga.

Masiku otsatira, ndikafika pa mjigo anthu ankachotsa zidebe zawo n'kuima patali mpaka nditamaliza. Mwana wanga akapita kukasewera, anzake ankaitanidwa m'nyumba. M'mawa wina tinapeza nkhuku zathu zitatu zitapotoledwa makosi, zitaikidwa bwinobwino pakhomo. Maskauti awiri ananena poyera kuti malemu anachita kupempha yekha kuti ajambulidwe choncho, koma anthu ankayankha kuti mfiti imayamba yakulodza pakamwa kuti upemphe wekha imfa yako. Skauti wina, bambo wamkulu ndithu wa ana asanu, anandipeza ndikusesa n'kundifunsa monong'ona ngati iyenso anali atajambulidwa akufa.

Kenako kunabwera amalume a malemu. Anakana mpando. Anaima pabwalo n'kunena kuti Loweruka abwera ndi sing'anga kudzafufuza m'nyumba mwathu, ndipo makope onse akawaone. Amuna anga anayankha mofatsa kuti makopewo ndi nthano chabe, aliyense akhoza kuwerenga. Koma ine ndinakulira kumudzi. Ndinkadziwa kuti sing'anga akalowa m'nyumba kudzafufuza, satuluka chimanjamanja. Nyanga ya ufiti imapezeka basi, kaya kudenga, kaya pansi pa mphasa, ndipo zikatero anthu sadikiranso za ku ofesi.

Ndinapita kwa mkulu wa mpingo wathu, nayenso wochokera kumtunda. Anandimvetsera, kenako anati zinthu zokhumudwitsa abale mankhwala ake ndi moto.

Pano ndisaname. Sikuti ndinkangoopa anthu. Nanenso mumtima munali mutalowa kanthu. Ndinkayang'ana dzanja la amuna anga akudya n'kumadzifunsa kuti kodi dzanja lingadziwe zimene mwini wake sakudziwa. Ndinkakumbukira kuti tsamba lina anajambulapo mkazi wonyamula mwana akuthawa moto, ndipo mkaziyo anavala chitenje chofanana ndi changa.

Lachisanu amuna anga anaitanidwa ku ofesi ku Mfuwe kukafotokoza za imfa ija. Atangonyamuka pa njinga, ndinatsegula bokosi. Ndinadikira mpaka dzuwa lili pamutu, nthawi imene aliyense amakhala pakhomo pake, chifukwa ndinkafuna kuti aone. Ndinaunjika mapesi pakati pa bwalo, ndinathira palafini, n'kuikapo makope onse asanu ndi awiri. Sindinatsegule ngakhale limodzi. Mapepala ambiri akaphatikizana sapsa msanga, ndiye ndinkawatakasa ndi ndodo. Anthu anaima m'makhonde mwawo. Mkazi wa malemu anatuluka, anayang'ana, n'kubwerera m'nyumba.

Wina anathamanga kukauza amalume aja. Anafika moto ukuzilala. Ndinagwada n'kuwauza kuti zinthu zija zatha, sizidzavutitsanso munthu. Anayang'ana phulusa nthawi yaitali.

“Mayi, munthu wosalakwa satentha umboni,” anatero. “Mwatiyankha nokha.”

Ndinkayesa ndikuzimitsa moto, osadziwa kuti ndikuukolezera.

Amuna anga anafika chakumadzulo, fumbi lili mpaka m'nsidze. Anatsamiritsa njinga pakhoma, anaona malo akuda pakati pa bwalo, anaona bokosi lili pululu pakhomo.

“Onse?” anafunsa.

“Onse, bambo ake mwana.”

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Ndinkayembekeza kuti akalipa, mwina kundimenya kumene, ngakhale anali asanandikwezerepo dzanja. Akanatero mwina zikanandipepukira. Iwo anangopempha madzi osamba.

Sing'anga uja sanabwere, poti amalume anati palibenso chofufuza. Koma ntchito inakanika. Palibe skauti amene ankafuna kuyenda patsogolo pa amuna anga m'tchire, iwo ali pambuyo ndi mfuti, ndipo palibenso amene ankafuna kuti iwo atsogole. Mkulu wa kampu, munthu wabwino koma wotopa, anati ayesa kuwapezera malo ku kampu ina kutali. Amuna anga anati mbiri imayenda msanga kuposa galimoto ya boma, ikakawadikira komweko. Anabweza mfuti, yunifolomu ndi majombo. Mvula isanagwe tinamanga katundu.

Palibe anatiperekeza kupatula skauti mmodzi wamfupi, mmodzi wa awiri aja amene anatiikira kumbuyo. Anatinyamulira bokosi pa njinga mpaka pokwerera minibasi. Tikudutsa pa mjigo, mkazi wa malemu anali pomwepo akupopa madzi. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimupatse moni umene anandiphunzitsa yekha, koma sanadzutse mutu, ndipo ine ndinangodutsa.

Ku Chipata tinapeza chipinda chimodzi kuseri kwa msika. Amuna anga anayamba kulemba zikwangwani za magolosale ndi mabala. Dzanja lawo linali labwino, ntchito sinkasowa. Ometa tsitsi ankawapempha kuti awajambulire mitu ya anthu pakhoma, monga amachitira ometa onse, koma iwo ankakana, ankati amalemba zilembo zokha. Sanali munthu waukali. Ankabwera ndi buledi, ankaseka ndi mwana, Lamlungu tinkapita kutchalitchi limodzi. Koma za kuchigwa sitinkazitchula. Kamodzi kokha ndinayamba kupepesa, tikubwera kumunda umene tinabwereka. Anandidula n'kunena kuti tifulumire, mitambo yada.

Tinakhala choncho zaka zinayi. Kenako anayamba kutsokomola, anaonda mpaka lamba kumuboola mabowo atsopano, ndipo zaka za m'ma 1990 zisanathe tinawaika m'manda. Masiku amenewo maliro anali paliponse, moti anthu ankachoka pa manda ena kupita pa ena osabwerera kunyumba.

Kuchokera kuchigwa kunabwera munthu mmodzi, skauti wamfupi uja. Ananyamula nawo bokosi la maliro. Mwambo utatha anakhala nane pakhonde, ndipo ndinamufunsa za mkazi wa malemu. Anazengereza, kenako anandiuza. Ife titachoka, mwana wa mchimwene wake wa malemu anadwala malungo n'kumwalira. Abale anati ndiye kuti mfiti sinachoke, ikadali pakhomo. Anatembenukira mkazi uja. Anati ndi iye amene analandira kope m'nyumba, ndi iye amene anagona nalo usiku wonse kumutu kwa mwamuna wake. Anamulanda mbuzi, ziwiya ndi malata amene mwamunayo anasonkhanitsa kuti adzamangire nyumba, n'kumuthamangitsa ndi ana ake atatu.

Ndinafunsa kumene anapita. Skautiyo anati ena amati ali kwa mlongo wake cha ku Kawaza, ena amati anamuona pamsika ku Mfuwe akugulitsa nsomba zouma. Iye mwini anali asanakumane naye. Anamwa madzi amene ndinamupatsa, anapukuta pakamwa ndi chipewa, n'kunena kuti athamangire minibasi yomaliza, poti m'mawa mwake ankalowa m'tchire.